Ma graduate a 1973 pa UNZA: James Brown, Ucar na kalata imene inatsekesa sukulu

Ku graduation ya masiku ano gown ni ya renti, keke ni ya ngongole, ndipo pambuyo pa mapikicha a pa Facebook mwana abwelela ku nyumba kukayamba kulemba makalata ofuna nchito. Ambuya anu amene anavala gown pa UNZA mu 1973 sanali kuziwa vuto iyo. Nchito ndiyo inali kuwafuna iwo.

Kuti mumvese, yambani na manambala. Pa ufulu mu 1964, Zambia yonse inali na anthu akuda pafupifupi 100 chabe amene anali na digiri. UNZA inatsegulidwa mu 1966 pa Ridgeway na ophunzila 312, ndipo ndalama zina zomangila zinachoka ku anthu wamba: ogwila nchito mu migodi, azimai a pa maliketi, ngakhale alimi amene anapeleka nkhuku na mbuzi. So mwana wa Form Five akapeza malo pa Great East Road, mudzi wonse unali kumuona monga katundu wao. Boma inali kumulipilila sukulu, kumupasa bedi mu hostel na chakudya mu dining hall. Atsikana anali ochepa maningi, chifukwa makolo ambili anali akali kuganiza kuti sukulu yaikulu ni ya anyamata.

Nanga anali kukonda chani? Pa nyimbo, James Brown ndiye anali mfumu. Anabwela yekha mu Zambia mu 1970, anaimba mu Lusaka na ku Ndola, ndipo afro na mabuluku otambalala kunsi vinagwila moto. Rumba ya Franco na OK Jazz inali kulila mu ma bar onse, pamene anyamata monga Jagari Chanda wa WITCH na Rikki Ililonga wa Musi-O-Tunya anali kuyamba chabe kupanga nyimbo zimene manje azungu agula modula ati Zamrock. Pa bola panalibe mkangano: mu 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, Ucar mwine wake, anamwesa zigoli 107 mu chaka chimodzi.

Chinthu china chimene anali kunyadila ni masewelo a pa siteji. Mu tauni, Lusaka Playhouse inali ikali monga kalabu ya azungu. Ophunzila na mphunzitsi wao Michael Etherton anamanga bwalo yao ya panja, naipasa dzina yakuti Chikwakwa, chija chisulo chochekela udzu. Anali kuyenda na masewelo mpaka ku midzi, kusewela mu vitundu va anthu, osati chizungu cheka.

Koma ngati mufuna kuziwa maganizo ao eni-eni, yang'anani July 1971, pamene ambili a kalasi iyi anali pakati pa maphunzilo ao.

France inavomela kuti South Africa ya apartheid izipanga ndeke za nkhondo za Mirage. Ophunzila anakalipa, anayenda mu msewu mpaka ku embassy ya France mu Lusaka. Akapokola anawalandila na ndodo na tear gas, ena anavulala, ena anamangidwa. Ganizani bwino apa: aba sanali kulila njala. Mimba zinali zokhuta, nchito inali kuwayembekeza. Chinawatulusa mu makalasi ni ndeke zogulisidwa ku dziko ina, zimene anali kuona kuti tsiku lina zizaponya mabomba pa anthu akuda, kapena pa Zambia yeniyeni.

Ba Kaunda anawauza kuti nkhani iyi aisiye mu manja mwao. Atsogoleli a UNZASU sanamvele. Analemba kalata ya poyela yofunsa kumene dziko ipita, nakamba kuti ba President sali kuyenda njila imodzi pa nkhani ya South Africa. Apa anaponda pa chilonda, chifukwa mu April chaka chomwecho John Vorster anali ataulula kuti iye na ba Kaunda anali kulembelana makalata mwa kabisila.

Manje mbali imene anthu sakonda kukamba ni iyi. Amene anakalipila ophunzila kwambili sanali ma minister okha. Anali anthu a UNIP ochoka mu makomboni, amene anayenda mu msewu kukamba kuti ana aba alibe ulemu: tiwadyesa na misonkho yathu, lelo atukwana tate wa dziko? Kwa mai wogulisa tomato, mwana wa pa UNZA wokamba chizungu chachitali anali kale apamwamba, olo kuti anabadwila mu nyumba ya dothi monga yake. Kalingalinga ili pafupi chabe na campus, koma umoyo wa mbali ziwili izi unali kutali monga Lusaka na London. Ine niona kuti pa nkhani ya Mirage ophunzila anali na zoona, koma anaiwala kuti kalata yolembedwa mu chizungu cha mu library siingafike mu mtima wa munthu amene anapeleka nkhuku yake kuti library ija imangidwe.

Pa 15 July 1971 m'mamawa, asilikali na akapokola anazungulila campus, ophunzila anauzidwa kulonga katundu. Sukulu inatsekedwa pafupifupi masabata 6. Atsogoleli 10 a UNZASU anapitikisidwa, ndipo aphunzitsi awili, Etherton wa Chikwakwa uja na Andrew Horn, anachosedwa mu dziko. Aka kanali koyamba UNZA kutsekedwa na boma. Mukaona ma monk a lelo akuthamangisana na akapokola pa Great East Road pa nkhani ya meal allowance, ziwani kuti msewu uja unayamba kale kununkha utsi.

Amene anabwelela anasiliza maphunzilo mu dziko yosintha mofulumila. Ba Simon Kapwepwe anayambisa UPP mu August 1971, ndipo mu February 1972 chipani chija chinaletsedwa. Mu December 1972 Zambia inakhala ya chipani chimodzi. Mu January 1973 Ian Smith anatseka boda ya Rhodesia. Munthu wotenga digiri chaka chimenecho anali ataphunzila bwino kuti pakamwa pangakutayise chilichonse.

Ndipo boma yomwe anaikalipila ndiyo inawalemba nchito. Migodi inali itatengedwa 51 peresenti na boma, makampani a INDECO anali kukula, ndipo Zambianisation inali kufuna anthu akuda okhala pa mipando ya azungu. Mnyamata wa zaka 24 anali kungapeze ofesi, nyumba ya kampani na motoka asanakwatile. Mmodzi wa amene anatenga digiri ya malamulo mu 1973 anali Levy Mwanawasa, amene mu 2002 analowa mu State House.

Mwai uja sunakhalise. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa, mizele ya shuga, saladi na sopo inayamba kutalika. Ang'ono ao amene anasala pa campus anaukanso mu 1976, ulendo uyu pa nkhondo ya Angola: iwo anali kumbali ya MPLA pamene anali kuona kuti boma ikondela UNITA. Sukulu inatsekedwanso mu February, ndipo ophunzila ena na aphunzitsi anagona mu jele.