Ulendo wa Oimba Khumi Wopita ku Fleadh

M'mwezi wa Ogasiti, padoko la Holyhead ku Wales, pamzere wa galimoto zodikira sitima yopita ku Dublin pamakhala apaulendo osavuta kuwazindikira. Pamipando yakumbuyo aunjika mabokosi akuda a vayolini ndi akodiyoni, ndipo kwina khosi la banjo likusuzumira pawindo. Eni ake adzera ku Liverpool, Manchester, Leeds ndi Birmingham. Ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena amisiri omanga nyumba, koma mlungu uno onse apempha tchuthi kuti akafike ku Fleadh Cheoil na hÉireann, chikondwerero chachikulu koposa cha nyimbo zamakolo za dziko la Ireland.

Chikondwererochi chidayamba m'chaka cha 1951 m'tauni ya Mullingar, chaka chomwenso bungwe lochiyendetsa la Comhaltas Ceoltóirí Éireann lidakhazikitsidwa. Nthawiyo nyimbo zakumudzi zinkanyozeka. Ambiri ankaziona ngati za anthu osauka, achinyamata n'kumathamangira za ku America, ndipo pachikondwerero choyambacho padafika anthu mazana ochepa chabe. Masiku ano chimakoka anthu okwana 500,000 kapena kuposa. Chilibenso malo okhazikika: chidachitikira ku Ennis mu 2016 ndi 2017, ku Drogheda mu 2018 ndi 2019, chidaima zaka ziwiri chifukwa cha mliri wa Covid-19, chidabwerera ku Mullingar mu 2022 ndi 2023, kenako n'kupita ku Wexford. Ndiye kuti palibe woimba amene amangochidikira pakhomo. Aliyense, ngakhale wa ku Ireland komweko, amayenera kumanga katundu.

Gulu lomwe tikulitsatira ndi la céilí, ndiko kuti gulu loimbira anthu ovina. Pampikisano limakhala la anthu osaposa khumi: oliza vayolini, oliza zitoliro zamtengo, wa akodiyoni, wa konsatina, wa banjo, wa piyano ndi wa ng'oma. Owerenga athu adziwe kuti nyimbo zake zilibe mawu. Zida zonse zimatsata nyimbo imodzi nthawi imodzi, piyano ndi ng'oma zili pambuyo kusunga mayendedwe a mapazi. Luso lagona pakuti vayolini atatu amveke ngati mmodzi. Kuti gulu lifike pano lidayenera kupambana kaye m'mipikisano yam'zigawo. A ku Ireland amayambira kuboma lawo n'kukwera kuchigawo, a ku Britain ali ndi fleadh yawo, a ku America nawonso ali ndi zawo. Ndalama ya sitima, mafuta ndi malo ogona imachokera m'matumba mwawo ndi m'magule osonkhetsera ndalama omwe akhala akuimba chaka chonse.

Sitima imatha maola atatu ndi mphindi zingapo panyanja. Isanapite patali, wina amatsegula bokosi. Mnzake wa gulu lina, amene mwina adzalimbana naye Lamlungu, amakoka mpando. Safunsana kuti tiimbe iti, chifukwa woyambitsa akangoliza chiyambi cha nyimbo, odziwa amalowamo, osadziwa amatchera khutu mpaka aigwire. Umu ndi momwe nyimbozi zakhala zikuyendera kuyambira kale, kuchoka m'khutu kupita m'zala.

Mphepo ya panyanja siikondweretsa zida zonse. Chovuta kwambiri ndi uilleann pipes, chida chomwe UNESCO idachilemba pa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2017. Woimba amakhala pansi, mvukuto m'khwapa limodzi, thumba la mpweya m'khwapa linalo, zala zili pachitoliro. Timabango tam'kati mwake timasintha mawu chinyezi chikachuluka kapena kuchepa, moti mwini wake amatisamala kuposa zovala. Ng'oma ya chikopa cha mbuzi yotchedwa bodhrán nayonso imafooka kukazizira, ndipo mwini wake amaifunditsa kapena kuisisita ndi chikhatho, monga momwe anyamata akwathu amawambira ng'oma pamoto gule asanayambe.

Nanga anthu olankhula Chingelezi cha ku Liverpool adziwa bwanji nyimbo za ku Clare ndi Sligo, maboma a ku Ireland? Yankho lake ndi njala ndi ulova. Panjala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, mbatata ya kachewere itaola m'minda, anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa ku Ireland ndipo ena ochuluka chimodzimodzi adathawa. M'chaka cha 1847 chokha, pafupifupi 300,000 adatsikira padoko la Liverpool. Patapita zaka 100, m'ma 1950, achinyamata ambiri adawolokanso kukamanga misewu ndi nyumba ku England, atsikana ambiri n'kulowa unamwino. Adapita ndi nyimbo m'mutu, ndipo adaziimba m'maholo a parishi ndi m'zipinda zakumbuyo kwa mabala. Ngakhale gule woyamba wokonzedwa pansi pa dzina la céilí, momwe tikumudziwira lero, adachitikira ku London mu 1897, pansi pa bungwe la Gaelic League.

Mu 1963 gulu la Liverpool Céilí Band lidawoloka nyanja imeneyi, lidapita ku Mullingar, n'kukatenga chikho pamaso pa magulu a ku Ireland. Chaka chotsatira lidachitenganso ku Clones. Pambuyo pake lidajambula malekodi awiri, Champions Twice ndi Off to Dublin. Kwa ana obadwira kunja, amene ku England ankatchedwa a ku Ireland koma ku Ireland n'kumatchedwa Angelezi, chikho chimenechi chidali ndi kulemera kwake. Oweruza a kwawo kwa makolo awo adavomereza kuti nyimboyo siidasukuluke paulendo.

Oimba akafika m'tauni ya chikondwerero, vuto loyamba ndi pogona. Mullingar ili ndi anthu ongopitirira 20,000, ndiye ganizirani khamu lija likafika. Mahotela amadzaza miyezi yambiri chikondwerero chisanafike. Mabanja amabwereketsa zipinda, mabwalo a masewero amasanduka midzi ya matenti, ndipo gulu la anthu khumi limatha kugona m'nyumba zitatu zotalikirana. Poyeserera napo n'posowa, moti mumatha kulipeza gulu likukonza nyimbo m'kalasi, m'galaja kapena poimika galimoto.

M'misewu ndi momwe muli moyo wa chikondwererochi. Galimoto amaziletsa kulowa pakati pa tauni. Pakhomo la sitolo pali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi ndi kachitoliro kachitsulo, bokosi lotsegula lili kumapazi kulandira makobidi. Pakona pali agogo ndi konsatina, wina wayala thabwa ndipo akuvina ndi nsapato zolimba. Kumayambiriro kwa mlungu kumakhala sukulu yotchedwa Scoil Éigse, komwe akatswiri amaphunzitsa ana ndi akulu. Usiku mabala amadzaza mpaka kukhomo, oimba atazungulira tebulo limodzi, osayang'ana kwa anthu koma kwa anzawo. Atsogoleri a magulu amavutika kukumbutsa anthu awo kuti akagone, poti mpikisano ukadali kutsogolo.

Mpikisano wa magulu aakulu a céilí umachitika Lamlungu madzulo, ndipo matikiti ake amatha msanga. Gulu lililonse limakhala m'mizere iwiri, litavala zofanana. Wa ng'oma amagogoda kawiri, zida zonse n'kuyamba pamodzi. Amaimba nyimbo ya perete, kenako jig, hornpipe ndi reel, iliyonse ndi liwiro lake. Chaka chathunthu choyeserera chimathera m'mphindi zochepa zimenezi, holo ikugwedezeka ndi mapazi a otsatira.

Aliyense wokwera pansanjapo amadziwa mayina awiri a ku County Clare. Kilfenora Céilí Band, yomwe idayamba mu 1909, idapambana zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1954 mpaka 1956, n'kudzabwerezanso zomwezo kuyambira 1993 mpaka 1995. Tulla Céilí Band, ya mu 1946, idapambana mu 1957 ndi 1960, ndipo kwa zaka zambiri inkatsogoleredwa ndi P. Joe Hayes, bambo wake wa katswiri wa vayolini Martin Hayes. Kulimbana kwa magulu awiriwa kudagawa anthu a boma limodzi m'ma 1950.

Si onse adakondwera nawo magulu otere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wopeka nyimbo Seán Ó Riada adawadzudzula pawailesi kuti kuimbira pamodzi kotereku kumamiza luso la munthu payekha. Mfundo yake ili ndi mutu, chifukwa tizokometsera ta woliza vayolini mmodzi timabisikadi pakati pa zida khumi. Koma adawaweruza ndi khutu la munthu wokhala pampando, pomwe maguluwa adapangidwira ovina. Lamulo la 1935 lofuna chiphaso pa magule litafooketsa magule a m'nyumba za anthu, kuvina kudasamukira m'maholo akuluakulu, ndipo vayolini mmodzi sakadamveka kumapeto kwa holo yodzaza. Magulu a céilí ndi amene adasunga nyimbozi m'miyendo ya anthu m'zaka zovutazo.

Zotsatira zimalengezedwa usiku womwewo. Opambana amanyamulidwa pamapewa, otsala amalandira pepala la ndemanga za oweruza, lomwe adzakangane nalo njira yonse yobwerera Lolemba. Magulu ena amayamba pomwepo kufunsa za malo ogona a chaka chamawa. Mu 2013 chikondwererochi chidawoloka malire koyamba kukachitikira ku Derry, ku Northern Ireland, ndipo mzinda wa Belfast udasankhidwa kuchititsa cha 2026.