Tsiku Limodzi ndi Kanema wa TVM

Anzanga ambiri pa sukulu pano amayesa kuti wailesi ya kanema ndi cinthu ca makolo, cimene cinakhalapo ciyambire monga mtondo ndi munsi. Si tero ai. Dziko lathu linakhala zaka 35 cilandirire ufulu wa 1964 liribe nyumba yace-yace youlutsira zithunzi. Ku Harare anayamba m'caka ca 1960, ku Kitwe m'Zambia 1961, ku South Africa 1976, ku Mozambique 1981. Koma kuno boma la Dr. Kamuzu Banda silinafune, ndipo anthu anangokhala ndi wailesi ya mau ya MBC. Television Malawi, imene anthu anaifupikitsa nati TVM, inatsegulidwa m'mwezi wa April 1999, m'nthawi ya Pulezidenti Bakili Muluzi, ndipo nyumba yace inali ku Kwacha mu mzinda wa Blantyre.

Ine pa nthawiyo ndinali ndisanabadwe. Zimene ndilemba pano ndazitola kwa malume anga, amene anali mnyamata wa pa sukulu kuno kwa Mponda m'zaka zimenezo, ndi kwa amai ena acikulire oyandikana nafe. Ndaphatikiza za masiku ambiri kuti zikhale monga tsiku limodzi.

Tiyambe ndi cipangizo cace. Kanema wa masiku aja sanali wopyapyala wopacika pa khoma ai, koma bokosi lolemera la cimimba kumbuyo, ndipo ambiri anali oonetsa zakuda ndi zoyera zokha. Popeza magetsi anali m'nyumba zowerengeka, eni ace ankalumikiza ku batire la galimoto, limene mwana ankalitengera pa njinga ku Boma kukachajitsa. Masana bokosilo ankaliphimba ndi nsaru yoluka, maluwa a pulasitiki ali pamwamba. Panja panali nsungwi yaitali kopambana, ndi eriyo pa nsonga pace. Nchito ya malume inali kuima panja ndi kupotoza nsungwiyo pang'ono-pang'ono, a m'nyumba ali kupfuula: "Bwezera! Wapitiriza! Basi, gwira pomwepo!" Mwera ukaomba usiku, m'mawa nchito inali yomweyo.

Mwina mudzafunsa kuti bvutoli linkacokera kuti, pamene wailesi ya mau inkamveka bwino ngakhale m'bwato pakati pa nyanja. Cifukwa cace ndi ici: mafunde onyamula zithunzi amayenda molunjika monga kuunika kwa toci, ndipo phiri likaima pakati amafooka. Tsono ife tiri m'cigwa, mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja ya mcere, mapiri a ku Namwera ali kum'mawa, a Phirilongwe ali kumadzulo. Mafunde akafika ofooka, cithunzi cinkadzala timadontho toyera tothamanga-thamanga, timene ena ankati mpunga, ena mvula. Koma cokoma ca makina a kale aja cinali cakuti ngakhale mpunga ucuruke, munthu ankaonabe mthunzi wa wolankhula, namva mau ace.

M'mawa munalibe zambiri. Poyamba peni-peni TVM inkaulutsa maola owerengeka okha, maka-maka madzulo, ndipo wotsegula nthawi isanakwane ankangoona mizere yoimirira. Pambuyo pace anayamba kudzaza nthawi yotsalayo ndi zocokera ku nyumba za kunja, monga BBC ya ku London ndi Deutsche Welle ya ku Germany. Malume amati Cingerezi cao ca m'makutu anaciphunzira pamenepo, ngakhale kuti nkhani za cisanu ca ku Ulaya ankazionera atabvula malaya, thukuta liri kamu-kamu, monga mudziwa kutentha kwa kuno m'mwezi wa October.

Masana enieni kanema wa anthu ambiri sanali TVM konse, koma nyumba za vidiyo za pa msika. Kanyumba ka mdima, mabenci a matabwa, cimkuza-mau panja, ndi bolodi lolembedwa ndi coko maina a zithunzi za tsikulo: Rambo, Commando, Jackie Chan, Jet Li, ndipo pambuyo pace za ku Nigeria, maka-maka za timadoda tiwiri tija Aki ndi Pawpaw. Asodzi obwera ku usipa wa usiku ankalowamo ndi ndarama za m'mawa womwewo, ena nagona tulo nkhondo iri mkati. Ana a sukulu othawa m'kalasi analinso momwemo, yunifomu atabisa m'thumba. Ndinafunsa malume ngati iwo analowamo pa nthawi ya maphunziro. Anangoseka, nandifunsa za mayeso anga.

Dzuwa likapendeka, nyumba ya mwini kanema inkasanduka bwalo la mudzi wonse. Ana ankauzidwa kuyamba asamba m'miyendo, nakhala pa mkeka patsogolo, amai kumbali, abambo pa mipando kumbuyo, ocedwa ankasuzumira pa zenera. Panalibe kukangana za cimene aonere, pakuti nyumba youlutsa inali imodzi yokha. Cimene Blantyre watumiza, comweco ndico ca onse, kuyambira gogo kufikira mwana wa kumbuyo.

Nkhani zinkawerengedwa zina m'Cicewa, zina m'Cingerezi. Agogo ambiri a kuno, amene cinenero cao ndi Ciyao, ankadalira adzukulu kuwamasulira, pamene pa wailesi ya mau ya MBC nkhani za m'Ciyao zinali zitayamba kale m'caka ca 1996. Ndipo pano ndinene mosabisa: mbali yaikuru ya nkhanizo inali ya Pulezidenti, kumene wapita, cimene watsegulira, ndi amai omubvinira. Zinali tero m'nthawi ya a Muluzi, zinateronso m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika. Nthumwi za European Union zodzaona cisankho ca 2004 ndi ca 2009 zinalemba kuti nyumba zoulutsa za boma zinakondera cipani colamula, ndipo m'caka ca 2007 Nyumba ya Malamulo, m'mene otsutsa anali ocuruka, inakana kupatsa MBC ndi TVM ndarama zoyendetsera nchito pa cifukwa comweco. Taganizani tsono: munthu wa kwa Mponda wofuna kuona nkhope ya amene adzamsankhe anali ndi zenera limodzi lokha, ndipo cofungulira cace cinali m'manja mwa mmodzi wa opikisanawo.

Koma cimene anthu amacikumbuka koposa ndi sewero la Tikuferanji, lokonzedwa ndi bungwe la ADRA, m'mene a Michael Usi ankasewera monga Manganya. Inde, a Usi omwewo amene m'caka ca 2024 anakhala Waciwiri kwa Pulezidenti. Ana ankadza kudzaseka, pakuti Manganya anali wa pakamwa pothwa. Koma pansi pa nthabwalazo panali nkhani ya Edzi, imene masiku amenewo inali kutha anthu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno, ndipo palibe ankaichula dzina. Pa maliro ankangoti malemu anadwala nthawi yaitali. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma m'caka ca 2004, caka comwe a Muluzi anaulula poyera kuti mbale wao anafa ndi matendawa. Cisanafike caka cimeneco, kuyezetsa magazi kunali monga kukalandira kalata ya imfa.

Tsono onani cimene bokosi lija linacita. Mwa mwambo wathu nkhani za m'nyumba sizikambidwa pamaso pa ana, ndipo mkamwini sakhala pamodzi ndi apongozi ace kumva zotere. Koma kanema sadziwa mpongozi. Sewero likafika pa mwamuna wobisira mkazi wace matenda, kapena cilengezo ca makondomu a Chishango cikaturukira mwadzidzidzi, m'nyumba munkagwa cete. Bambo wina ankatsokomola, amai natuma mwana kukatunga madzi osafunika, mtsikana nayang'ana pansi. Amai amene ndinaceza nao anandiuza kuti m'mawa mwace ku dooko, potsuka mbale, akazi ankakamba za anthu a m'sewerowo, kuti uje walakwa, uje akanayenera kupita ku cipatala. Koma yense ankadziwa mumtima kuti akukamba za nyumba yace. Ine ndiyesa kuti pa zonse zimene TVM inaonetsa, palibe cina cinagwira nchito yoposa imeneyi.

Anyamata ndi atsikana cao cinali Music Splash, ya a Geoffrey Kapusa. Kufikira nthawi imeneyo oyimba ankadziwika mau okha ndi kacithunzi ka pa kaseti. Tsopano anthu anaona ndi maso Lucius Banda wa ku Balaka, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Ethel Kamwendo ndi a Black Missionaries ali kuyenda ndi kubvina. Zithunzi zambiri za nyimbo ankajambulira pa mcenga wa ku nyanja, cotero oonera a kuno ankalimbana kuzindikira malo. Mabvinidwe oonetsedwa usiku, m'mawa anali atafika kale pa bwalo la sukulu.

Za mpira sindicurutsa. Wa maiko akunja ambiri ankakaonera kumene kunali mbale ya setilaiti, ndipo tsiku losaiwalika ndi la 11 January 2010, pamene Flames ya a Kinnah Phiri inagonjetsa Algeria 3 kwa 0 ku Luanda, Angola.

Usiku ukakula, batire linkayamba kufooka. Cithunzi cinkacepa pang'ono-pang'ono kucokera m'mbali, anthu a m'katimo nafupika, kufikira mwini nyumba anene kuti za lero zatha. Ana ogona pa mkeka ankanyamulidwa, ndipo oonera ankabalalika mu mdima ali kutsutsanabe.

Pambuyo pace TVM inaphatikizidwa ndi MBC, dzina lace nkusanduka MBC TV. Nyumba zina zinabadwa, monga Luntha ya ku Balaka, Times ndi Zodiak. Maiko anapangana kuti pofika 17 June 2015 asiye kuulutsa mwa njira ya kale ndi kulowa ya dijito, ndipo kuno kunadza kabokosi kochedwa Kiliye Kiliye. M'njira yatsopanoyi mulibe mpunga: mafunde akakwanira cithunzi cimaoneka mbee, akacepa cimaduka timabokosi, ciima, kenaka cizimiriratu.