Mwana Akamavutika Mumtima, Pitani Kusukulu ndi Kalata M'manja

Amayi anzanga, pali ana ena amene thupi lawo lili bwinobwino, maso akuona, makutu akumva, koma kusukulu zinthu siziwayendera. Wina amangokhala phee pakona osasewera ndi anzake, ndipo mphunzitsi akamufunsa funso amangoti zyoli. Wina sachedwa kupsa mtima, ndewu tsiku ndi tsiku mpaka yunifolomu kutha. Winanso kukangocha amalira kuti m'mimba mukupota, koma Loweruka ndi Lamulungu matendawo osaoneka. Ana oterewa timafulumira kuwatcha amwano kapena aulesi, mwinanso kuthamangira kunena kuti awalodza. Chonsecho ambiri mwa iwo akuvutika mumtima ndi m'maganizo, ndipo sukulu iyenera kuwathandiza monga momwe imathandizira mwana wosaona kapena wosamva.

Zoyambitsa zake n'zambiri: imfa ya kholo, kutha kwa banja, nkhanza pakhomo, kapena kutonzedwa ndi anzake. Mwana amene anaona nyumba zikukokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 ku Blantyre, Mulanje kapena Phalombe akhoza kumanjenjemera mvula ikangoyamba kugunda pamalata a kalasi. Ena ndi chibadwa, monga vuto lija madokotala amalitcha autism. Zonsezi sizitha ndi chikwapu.

Ambirife timakadandaula pakamwa chabe. Tikakumana ndi aphunzitsi pamsika kapena potuluka m'tchalitchi timawauza, iwo n'kuyankha mwaulemu kuti aziona. Sikuti ndi ouma mtima ayi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1. Mawu a panjira amauluka, ndipo mphunzitsiyo akasamutsidwa nkhani ya mwana wanu imapita naye. Cholembedwa ndicho chimatsala.

Choncho gulani kope laling'ono. Kwa milungu iwiri kapena itatu muzilemba tsiku, chimene mwana wachita, ndi chimene chinachitika zisanayambe. Musalembe kuti "wavuta". Lembani kuti wakana kulowa m'kalasi belu litalira, kapena wamenya mnzake atamuseka powerenga. Mudzadabwa kuona kuti vutolo lili ndi nthawi yake ndiponso malo ake. Ngati kulemba kumakuvutani musachite manyazi. Pemphani mmodzi wa gulu la amayi a pasukulu, lija timalitcha mother group, kuti akulembereni.

Yambani mwacheza ndi mphunzitsi wa m'kalasi mwake, pakuti kumudumpha n'kumunyoza. Kenaka lemberani kalata aphunzitsi aakulu. Ikhale yaifupi: dzina la mwana, kalasi yake, zimene mwaona, ndi pempho lakuti pakhale msonkhano komanso kuti mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Lembani makalata awiri ofanana, ndipo pa imene mutsale nayo aikepo chidindo ndi tsiku. Popita mutengane ndi bambo a mwanayo ngati alipo. Kunena zoona, nkhani imene abambo aimvera okha kusukulu sadzaitsutsa kunyumba.

Aphunzitsi a maphunziro apaderawa amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Alipo ochepa. Sukulu zina zili ndi chipinda chapadera chotchedwa resource room, pamene zina zimangoyenderedwa ndi mphunzitsi wotere. Ngati pasukulu panu palibe, pitani kwa mlangizi wa sukulu za m'dera lanu, a PEA, ku TDC. Kumeneko kukakanika, ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu ilipo. Mutengenso mwanayo kuchipatala ndi buku lake la umoyo, kuti ayambe amuyeza maso ndi makutu, chifukwa mwana wosamvetsetsa amaoneka ngati wamwano. A ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi mwayi wa a St John of God, amene amathandiza anthu ovutika m'maganizo. Chimene adokotala alemba mukachisonyeze kusukulu.

Pamsonkhanopo musapemphe zinthu zakumwamba. Pemphani zotheka mawa lomwe: kuti mwana akhale kutsogolo pafupi ndi mphunzitsi, kuti asamuitane kuwerenga pagulu modzidzimutsa, kuti mtima ukamukwera aloledwe kutuluka pang'ono n'kukakhala pamalo odziwika, kuti pakhale mphunzitsi mmodzi amene iye angamuthawire. Zimene mwagwirizana zilembedwe, pamodzi ndi tsiku limene mudzakumanenso.

Mukamva mawu akuti "kamusungeni kunyumba mpaka asinthe", musavomere. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu ya pulayimale, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa lija la 2012, limaletsa tsankho pa maphunziro. Simukupempha chifundo, koma yankhulani mofatsa, pakuti mwanayo mawa adzakhala m'manja mwa aphunzitsi omwewo. Koma ngati mukukayikira kuti wina akumuchita nkhanza, musadikire msonkhano. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu.

Chaka chatsopano chikayamba mwana amapeza mphunzitsi watsopano amene sadziwa kanthu za iye. Sabata yoyamba yomweyo tulutsani kope lija ndi kalata yachidindo ija m'chikwama, mukawaonetse.