Daniel Sharpe Malekebu

Daniel Sharpe Malekebu anali dokotala, m'busa komanso mphunzitsi wa ku Chiradzulu. Iye ndiye Mmalawi woyamba kumaliza maphunziro a udokotala, ndipo amakumbukiridwa chifukwa chodzutsanso mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe.

Ubwana ndi maphunziro

Malekebu anabadwa cha m'ma 1889 ndipo anali Myao. Anayamba sukulu pa PIM, mishoni imene John Chilembwe anakhazikitsa mu 1900. Kumeneko anaphunzitsidwa ndi Emma DeLaney, mmishonale wachikuda wochokera ku America. Mayiyu atabwerera kwawo, Malekebu anamutsatira. Anaphunzira m'sukulu zingapo kenako n'kulowa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, komwe anamaliza maphunziro mu 1917. Pasukulu yomweyi ndi pomwe Hastings Kamuzu Banda anadzamaliza udokotala mu 1937. Mu 1919 Malekebu anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, yemwe anaphunzira ku Spelman mumzinda wa Atlanta.

Kubwerera kwawo

Panthawiyi kumudzi kunali kutasintha. Nkhondo ya Chilembwe ya mu Januwale 1915 itatha, boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kutseka mishoniyo. Otsatira ake ena anaphedwa, ena anamangidwa, ena anathawa. Malekebu atafuna kubwerera ku Nyasaland, bomalo linamukaniza chifukwa linkakayikira aliyense wochokera pa mishoniyo. Choncho iye ndi mkazi wake anayamba agwira ntchito ku Liberia.

Mu 1926 analoledwa kulowa m'dziko muno ndipo anatsegulanso PIM mothandizidwa ndi mpingo wa National Baptist Convention wa ku America.

Ntchito yake

Masiku amenewo zipatala zinali zochepa ndipo pafupifupi madokotala onse anali azungu. Ku Mbombwe odwala ankakumana ndi dokotala wodziwa chinenero ndi miyambo yawo, woti atha kumufotokozera vuto lawo popanda womasulira. Malekebu sanalekanitse za umoyo ndi moyo wonse wa mudzi: anatsegula chipatala ndi sukulu, anamanganso tchalitchi chachikulu, ndipo anthu amene anabalalika mu 1915 anapezanso malo owatcha kwawo. Mpingowo unafalikira m'maboma ena ngakhalenso m'maiko oyandikana nawo.

Malekebu anamwalira mu 1978. PIM ikadalipo ku Mbombwe, ndipo mwambo waukulu wokumbukira Chilembwe pa 15 Januwale umachitikira kumeneko.