Galimoto yotsamwa pakona

Pa msewu wa Midima, wochoka ku Limbe kudzera pa Mikolongwe kupita ku Mulanje, maminibasi ndi ma Sienta ambiri amayenda nyale ya mafuta ili chiyakire. Dalaivala amathira ongokwanira ulendo umodzi, akatolera za okwera n'kudzathiranso pang'ono. Galimoto yotereyi ikatsamwa pokhota, n'kutsitsimuka yokha msewu ukawongoka, mlandu umagwera mapulagi kapena petulo wa m'zigubu. Koma kawirikawiri vuto limakhala kuchepa kwa mafuta m'thanki, ndipo ndi lomwe limasowetsa tulo akatswiri a galimoto za mpikisano.

Mafuta m'thanki sakhala phee. Galimoto ikakhotera kumanja iwo amathamangira kumanzere, ikakwera chitunda amabwerera kumbuyo. Pampu imakoka pamalo amodzi okha, pansi pa thanki, choncho timalita tiwiri totsalato tikaunjikana kumbali, pampuyo imameza mpweya ndipo injini imasowa chakudya kwa kamphindi. Galimoto ikakhota mwaliwiro mpaka mphamvu yoikankhira m'mbali kufanana ndi kulemera kwake, mafuta amapendekeka ndi madigiri 45. Za Formula One zimapyola pamenepo kangapo, ndipo poti kuyambira 2010 kuthira mafuta mpikisano uli mkati kunaletsedwa, zimafika kumapeto thanki itatsala pang'ono kuuma. N'chifukwa chake thanki yake amaigawa tizipinda tokhala ndi titseko tolola mafuta kulowa koma osatuluka, kuti azitsekeredwa pafupi ndi pampu. Nzeru yake ndi ya amayi oika masamba pa ndowa ya madzi kuti asakhavuke panjira.

Wina anena kuti Sienta yodzaza matumba a nandolo si galimoto ya mpikisano. Zoonadi, ndipo galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kachitini kozinga pampu kosungira mafuta apadera. Koma kachitiniko n'kakang'ono, kongothandiza pa kona yaifupi. Pa mapiri otsikira ku Chikwawa, pa Khwekhwelere kapena pa Chiweta, kona imatsatana ndi inzake msewu uli wopendekeka, ndipo thanki ya njala ilibe choti ikadzazenso nacho. Komanso galimoto zathu zambiri zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo pampu ikasinthidwa ndi yongopezeka, sefa yake n'kusafika pansi, chitetezo chija chimachepa.

Kutsamwako pakokha n'kochepa poyerekeza ndi zotsatira zake. Pampu ya magetsi imaziziritsidwa ndi mafuta omwe ikupopawo, ndiye ikamayenda youma imatentha n'kutha msanga. Injini ya petulo ikalandira mafuta ochepa pamene ikukoka katundu pachitunda, moto wa m'kati umakwera ndipo mapisitoni amavulala. Ya dizilo ikameza mpweya ikhoza kuzimiratu, osalira mpaka mpweyawo utachotsedwa m'mapaipi. Choopsa koposa n'chakuti injini ikazima pakati pa kona chiwongolero chimalemera, mabuleki nawo amauma mukawaponda kawiri kapena katatu. Zoti thanki ikatsika pampu imayamba kukoka zinyalala za pansi n'zokokomeza, chifukwa imakoka pansipo tsiku lililonse ngakhale thanki itadzaza.

Njira yopewera zonsezi ndi kusalola mafuta kutsika pansi pa kota ya thanki, koma chotsutsa chenicheni ndi ndalama. Amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2022 ndi 2024 sangamve za kusunga kota ya thanki, ndipo pamasiku otere palibe womudzudzula. Koma mafuta akamapezeka, masamu ake ndi ena. Galimoto imamwa pafupifupi chimodzimodzi pa kilomita iliyonse, kaya singano ya geji ili pa kota kaya ili pansi. Kotayo amaigula kamodzi kokha, kenako dalaivala amapitiriza kuthira pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Chimene chimalepheretsa ndi mgwirizano wa mwini galimoto ndi dalaivala: mwini amaopa kuti mafuta otsala apopedwa usiku, dalaivala safuna kusiyira mnzake mafuta ogula ndi thukuta lake. Apa woyamba kusuntha ayenera kukhala mwini galimoto. Athire yekha kota yoyambayo, agwirizane ndi dalaivala kuti madzulo aliwonse singano izibwerera pomwepo, poti pampu ikapsa wokagula ina ku Limbe ndi iyeyo.