Phokoso la Atolankhani ndi Chilema cha Foni

Anthu amene amabwera ndi mafoni awo pa tebulo langa lokonzera, akaona kuti ndamasula tizomangira tonse ndipo ndayamba kusuzumira m'katimo ndi maikulosikopu, kawirikawiri amandifunsa ngati olemba nkhani za mafoni m'magazini ndi pa intaneti amanena zoona, kapena anadya za eni makampani. Ambiri amafunsa ali nalo kale yankho mumtima, pakuti wokonda iPhone amakhulupirira kuti atolankhani amaichitira nsanje Apple, pamene wokonda Samsung amalumbira kuti atolankhani omwewo ndi akapolo a Apple amene sangaone chilema pa mbuye wawo. Ine, amene ntchito yanga ndi kutsegula zimene ena amangoziyamikira kunja, ndimayankha kuti kukondera kulipo ndithu, komatu si kawirikawiri pamene kumadza ndi chiphuphu choperekedwa mseri. Kumabadwira m'makonzedwe a ntchito yeniyeniyo, ndipo mtolankhani woona mtima angathe kugwamo iye mwini asakudziwa.

Taonani mmene nkhani yoyesa foni yatsopano imalembedwera. Kampani imasankha nyumba zofalitsa nkhani zimene izazibwereka foniyo isanafike m'sitolo, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo wolandirayo amalonjeza kuti sadzatulutsa liwu lililonse kufikira tsiku ndi ola limene kampaniyo yaika. Ola likakwana nkhani zonse zimatuluka pamodzi, ndipo amene sanabwerekedwe foni, ngakhale akhale wodziwa kuposa anzake, amafika pabwalo gule atatha, pakuti awerengi apita kale, ndipo otsatsa malonda amene amalipira nyumbayo amatsata kumene kwapita awerengi. Nyumba zambiri zimalandiranso kangachepe pa foni iliyonse imene wowerenga wagula podzera pa tsamba lawo. Tsono mtolankhani ali ndi omutuma awiri, wowerenga amene afuna choonadi ndi kampani imene ili ndi mphamvu yomumana foni ya chaka chamawa. Ndipo akuluakulu sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa. Mantha amenewa si ongoganizira ayi, chifukwa a tsamba la nkhani la Gizmodo atagula ndi madola 5,000 iPhone 4 imene inatayika m'malo omwera mowa ku California mu 2010, naionetsa ku dziko isanalengezedwe, anakhala zaka osaitanidwa ku misonkhano ya Apple.

Foni yomweyo ndiyo inabweretsa mkangano woyamba waukulu. Chitsulo chozungulira m'mbali mwa iPhone 4 chinali eriyo yake, ndipo m'munsi chakumanzere munali kampata kolekanitsa zigawo ziwiri za eriyoyo. Dzanja la munthu, popeza limadutsa magetsi pang'ono, likaphimba kampatako linkalumikiza zigawozo, netiweki n'kufooka, ndipo kumalo kumene inali yofooka kale kulankhulana kunkaduka. Steve Jobs, mkulu wa Apple panthawiyo, poyamba anayankha wodandaula wina kuti angoleka kuigwira motero, yankho limene linakolezera moto. A bungwe loyesa katundu la Consumer Reports anakana kuilimbikitsa kwa ogula, ndipo pa 16 July 2010 Jobs anaitana atolankhani, nanena kuti odandaula anali 0.55 mwa anthu 100 alionse, napereka zikwama za m'mbali zaulere. Chilemacho chinalipo, koma chinali chochiritsika ndi kachikwama ka labala, ndipo phokoso lake linaposa msinkhu wake.

Nkhani imene ine ndimaiganizira koposa ndi ya iPhone 6 ndi 6 Plus, zimene zinatuluka pa 19 September 2014 ndi kugulidwa zoposa 10 miliyoni m'masiku atatu oyambirira. Sabata isanathe, Lewis Hilsenteger wa ku Canada anaonetsa pa YouTube akupinda 6 Plus ndi manja ake, ndipo anthu mamiliyoni ankhaninkhani anaonera. Pomwepo olemba nkhani anagawanika pawiri. Ena anasandutsa nkhaniyo chipongwe, tsiku ndi tsiku zithunzi za mafoni okhota, pakuti dzina la Apple likakhala pamutu wa nkhani yoipa awerengi amakhamukirako. Ena anaimirira kumbali ya kampani, nabwereza mawu ake akuti m'masiku asanu ndi limodzi oyambirira anthu asanu ndi anayi okha ndiwo anadandaula, ndipo osankhika ena anaitanidwa kukaona nyumba imene Apple imayesera kulimba kwa mafoni ake, nabwerako atakhutira. A Consumer Reports anaika mafoni pa makina okanikiza, napeza kuti iPhone 6 inayamba kupindika pa mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 32, chimodzimodzi HTC One M8 imene palibe anainena, 6 Plus pa 41, iPhone 5 pa 59, ndipo Galaxy Note 3 pa 68. Oteteza anati zimenezi zatsimikiza kuti nkhaniyo inali yokokomeza, onyoza anati zatsimikiza kuti foni yatsopano ndi yofooka kuposa yakale, ndipo onse awiri anali ndi gawo la choonadi m'manja. Magazini ya ku Germany ya Computer Bild, imene inapindanso foni yake pa kanema, inalengeza kuti yauzidwa ndi Apple kuti sidzalandiranso mafoni oyesera kapena kuitanidwa ku misonkhano, kotero kuti mkonzi wake Axel Telzerow analembera mkulu wa Apple, Tim Cook, kalata yapoyera. Ndipo m'menemo kampaniyo inaiwala kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Komatu mbali zonse ziwiri zinali kuyang'ana chikopa cha foni, pamene nthenda inali m'mafupa. Lolani ndikulongosolereni monga ndimaionera pa maikulosikopu. M'kati mwa foni muli bodi yopyapyala, yaitali, ndipo pa bodiyo pamakhala tizipangizo takuda ta ngodya zinayi timene ife okonza timati ma IC. Kachipangizo kotere kalibe miyendo yooneka; kamakhala pa timipira ta chitsulo chowotcherera tochepa kuposa njere ya mchenga, tondandalikidwa m'mizere kunsi kwake, ndipo kampira kalikonse ndi njira ya uthenga. Pa iPhone 6 pali tizipangizo tiwiri timene timamasulira kukhudza kwa chala pa galasi, ndipo tinaikidwa pamalo pamene bodi imagwedezeka foni ikakhala m'thumba la buluku munthu n'kukhala pansi. Kupindika kwake sikufunika kuoneka ndi maso. Kukhota pang'ono ndi kubwerera, lero ndi mawa, mwezi ndi mwezi, kumatopetsa timipirato monga umatopera waya umene mwana amaupinda uku ndi uku popanga galimoto yake mpaka uduke. M'mafoni ena pansi pa tizipangizo totere pamathiridwa guluu wolimbitsa, koma apa sanathiridwe. Zotsatira zake, patapita chaka kapena ziwiri, pamwamba pa galasi pamayamba kuphethira kamzere kotuwa, chala chimakhudza koma foni siimva. Ukaifinya pang'ono kapena kuipotokola, imatsitsimuka kwa kanthawi, chifukwa wakanikiza timipira tosweka kuti tikhudzanenso. Kusintha galasi sikuthandiza konse, ndipo ambiri anataya ndalama zawo pogula galasi latsopano pamene lakalelo linalibe mlandu.

Amene anaulula zimenezi sanali atolankhani oitanidwa ku misonkhano, koma okonza mafoni, monga Jessa Jones wa ku New York, amene ankalandira mafoni odwala nthenda imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo tsamba la okonza zipangizo la iFixit linasindikiza umboni wawo mu August 2016, zaka ziwiri phokoso lija litazilala. Mu November chaka chomwecho Apple inavomera kukonza 6 Plus pa mtengo wa madola 149, ikunenabe kuti vutolo limadza foni ikagwetsedwa kangapo pamalo olimba. Koma mlandu suola. Mu 2018, pa mlandu umene ogula anasumira kampaniyo ku California, woweruza Lucy Koh anatchula zolemba za m'kati mwa kampani zosonyeza kuti mafoniwo asanatuluke n'komwe, mayeso a Apple yomwe anapeza kuti iPhone 6 inali yosavuta kupindika ka 3.3 kuposa iPhone 5s, ndipo 6 Plus ka 7.2; zinaonekanso kuti mu May 2016 kampaniyo inayamba mwakachetechete kuthira guluu uja pansi pa tizipangizoto. Nkhani imeneyi, imene inali yolemera kuposa kanema wa Hilsenteger, inalembedwa masiku ochepa n'kuiwalika, pakuti dziko linali likukamba za iPhone X. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti nthawi imeneyo ndiyo imene mafoni amenewa, atatha ntchito kwa eni ake oyamba kunja, ankafika m'misika yathu ngati ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo munthu amene anasunga malipiro a miyezi ingapo kuti agule imodzi ndiye analandira nthendayo, wopanda sitolo ya Apple yoti akadandauleko.

Pamenepa wokonda Apple adzati, nanga bwanji ena akalakwa dziko silitekeseka? Ndipo ali ndi mfundo. Mu April 2015 a kampani ya inshulansi ya mafoni ya SquareTrade anapeza kuti Galaxy S6 Edge inapindika pa mphamvu yofanana ndi imene inapinda 6 Plus pa makina awo, galasi lake n'kusweka, koma nkhaniyo sinakhalitse. Chaka chomwecho zinadziwika kuti cholembera cha Galaxy Note 5 chikalowetsedwa chozondoka m'bowo lake chinkakodwa ndi kuthyola kachipangizo kozindikira kuti chatulutsidwa, ndipo Samsung inayankha kuti anthu azitsata buku la malangizo, yankho losasiyana kwenikweni ndi la Jobs lija. Inadzakonza chilemacho pambuyo pake popanda mfuu. Chifukwa chake ndimati dzina lalikulu limalandira zonse ziwiri mopyola muyeso, matamando foni ikamatuluka ndi chitonzo ikapunthwa, ndipo zonsezi zimachokera pa gwero limodzi, ndilo kuchuluka kwa awerengi amene dzinalo limakoka.

Pali pena pamene sindiwaimba mlandu atolankhani. Galaxy Note 7 inatuluka pa 19 August 2016 itatamandidwa pafupifupi ndi onse oiyesa, ndipo pa 2 September Samsung inaitanitsa mafoni 2.5 miliyoni, atapezeka 35 amene batire lake linatentha kapena kuyaka. Olowa m'malo nawonso anayamba kuyaka, pa 11 October foniyo inathetsedwa, ndipo boma la America linailetsa kukwera nayo ndege. Mu January 2017 kampaniyo inafotokoza kuti akatswiri 700 anayesa mafoni 200,000 ndi mabatire 30,000 kuti apeze gwero. M'kati mwa batire muli timapepala tiwiri ta mphamvu zosiyana tokulungidwa pamodzi, tolekanitsidwa ndi kansalu kopyapyala kwambiri, ndipo tikangokhudzana moto umabuka. M'mabatire oyamba chikwama chinali chothina, kotero kuti pa ngodya ya kumwamba timapepalato tinapindika. M'mabatire achiwiri, opangidwa mofulumira ndi kampani ina, munali timinga totsalira powotcherera timene tinkaboola kansaluko, ndipo ena analibe tepi yotchinga. Palibe munthu wobwerekedwa foni imodzi kwa sabata akanaona zimenezi. Mlandu wake si wakuti sanaone, koma kuti kalembedwe ka nkhani zotere kamachititsa wowerenga kuyesa kuti foni yayesedwa yonse, pamene chimene chayesedwa ndi kamera, kuwala kwa galasi ndi liwiro la foni imene ikadali yatsopano, ndipo za kulimba kwake pakatha zaka ziwiri wolembayo sadziwa kanthu kuposa inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma msika wa nkhani sulipira wodekha. Pamene chilema chili chapoyera atolankhani amachigwira bwino lomwe, monga zinachitikira mu April 2019, pamene Galaxy Fold ya madola 1,980 inawonongeka m'manja mwa oiyesa angapo m'masiku awiri okha, Samsung n'kuimitsa kugulitsa kufikira September. Ngakhale pameneponso iFixit inachotsa kwa kanthawi nkhani yake yoonetsa mipata yolowera fumbi, Samsung itapempha kudzera mwa amene anaipatsa foniyo.

Kukondera kumene kumatikhudza ife koposa sindiko kwa Apple ndi Samsung, koma kwa kukhala chete. Mafoni ochuluka amene amafika pa tebulo langa ndi a Tecno, Itel ndi Infinix, onse a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa ina iliyonse. Koma popeza sagulitsidwa kwenikweni ku America ndi ku Ulaya kumene kuli nyumba zazikulu zoyesa mafoni, si kawirikawiri pamene wina amawaika pa makina okanikiza kapena kuwerenga kuti angati afa pakamwa potchajira chaka chisanathe. Mu August 2020 a Secure-D, ofufuza zachinyengo za pa mafoni, ndi a tsamba la nkhani la BuzzFeed News anaulula kuti mafoni a Tecno W2 okwana 53,000, ogulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa, anatuluka m'bokosi ali kale ndi pulogalamu yakuba yotchedwa Triada, imene inkayesa kulembetsa eni ake ku zinthu zolipira iwo osadziwa ndi kuwadyera mayunitsi. Transsion inati cholakwacho chinachokera kwa wina mwa oigulitsa zipangizo. Chikanakhala kuti zimenezi zinapezeka mu iPhone, nyumba za malamulo zikanaitana akuluakulu a kampani kudzayankha. Koma apa nkhaniyo inatha sabata isanathe, ndipo ambiri mwa eni mafoniwo, amene ndi anthu owerengera tambala iliyonse ya mayunitsi, sanaimve n'komwe. Zimene zikudziwika za zilema za mafoni amenewa zili m'mitu ya okonza a m'misika ya Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu, amene aliyense amadziwa kuti mtundu wakutiwakuti umafa batire ndipo wakutiwakuti umafa galasi, ndipo atolankhani athu, amene nthawi zambiri amasindikiza chikalata cha kampani monga chabwerera pa tsiku lokhazikitsa foni, sanayambe kupita kukawafunsa.