Anadandaula, Koma Matikiti Anagula

Gulu loyimba la ku England la Pink Floyd litatulutsa chimbale cha The Division Bell mu Malichi 1994, olitsatira anagawikana. Ena ankati popanda Roger Waters, mlembi wa nyimbo zambiri yemwe anachoka mu 1985, gululo langotsala dzina. Ena ankati gitala ya David Gilmour payokha ndi yokwana.

Koma litayamba kuyendera maiko, madandaulowo sanaletse anthu oposa 5 miliyoni kukalionera. Ngakhale ku Lisbon linayimba masiku awiri.

Pa 12 Okutobala, ku Earls Court mumzinda wa London, nsanja yokhalapo anthu pafupifupi 1,200 inagwa zoyimba zitangoyamba. Ambiri anavulala, koma mwamwayi palibe anamwalira. Patangopita masiku ochepa, gululo linawayimbiranso pamalo omwewo.